Ankhoswe Ayambe, Amfumu Adikire

Mvula ya mu Januwale ikamatsika ndi mphepo kuchokera m'phiri la Dedza, nthambi ya bulugamu imatha kuthyoka n'kugwera pa mawaya a 11 kV. Chigayo cha pafupi chimangoti zii, mayi n'kutsala atagwira lichero, mgaiwa uli theka. Koma kuboma mababu akuyakabe, ku Linthipe wowotcherera zitsulo sanadziwe n'komwe. Zimatheka bwanji, poti magetsi onsewa gwero lake n'limodzi?

Taganizani za banja lomwe layambana usiku. Phokoso alimva onse: ankhoswe, anyakwawa, mwinanso agulupu ngati nyumba yawo ili pafupi. Koma amene amayamba kudzuka n'kufunda chitenje ndi ankhoswe. Anyakwawa amangotchera khutu ali gone. Zikakanika m'pamene amalowererapo, ndipo zikawakulira iwonso nkhani imakwera mpaka kwa mfumu yaikulu, a Kaphuka kapena a Kasumbu. Mfumu yaikulu ikamathamangira mkangano uliwonse wa m'nyumba, midzi yonse ingamagonere pabwalo, mbatata n'kuwolera m'munda.

Pa mawaya a ESCOM palinso ankhoswe otere. Pa thiransifoma ya m'mudzi pali fyuzi, pa sabusiteshoni pali kachipangizo kotchedwa relay komwe kamayeza kuchuluka kwa magetsi odutsa n'kulamula swichi yaikulu kuti idule. Waya ukakhudza nthambi yonyowa, magetsi amakhamukira pamenepo ngati madzi pa mzere wogumuka, ndipo ma relay onse a m'njiramo amaona nthawi imodzi. Luso lagona pa kudikirana. Wapafupi ndi vuto amadula msanga; wakumtunda kwake amamusiyira mpata wa masekondi 0.3 kapena 0.4, wotsatira n'kuwonjezeranso mpata wonga womwewo.

Kampata kameneka, kosakwana n'theka la sekondi lomwe, ine ndimakapatsa ulemu kwambiri. Swichi imafuna kanthawi kuti itseguke ndi kuzimitsa moto wothetheka mkati mwake, relay nayo imatha kuphonya pang'ono poyeza. Mukachepetsa mpatawo, amfumu alowerera ankhoswe asanatsirize kulankhula: boma lonse mdima chifukwa cha nthambi imodzi. Mukautalikitsa, waya umafiira, thiransifoma n'kupsa, ndipo waya wogwa pansi umakhala wamoyo nthawi yaitali pamene ana akudutsa popita kusukulu.

Malamulo a IEC 60255, omwe amisiri amatsata, ali ndi nzeru inanso ya kumudzi: vuto likakula, kudikira kumachepa. Mawu okhaokha, ankhoswe amabwera akuyenda. Wina akatola chikwanje, amabwera chothamanga.

Kale kuwerengera mipata imeneyi kunali kosavutirapo, poti pafupifupi magetsi onse ankachokera kumwera, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, n'kumakwera chakumpoto. Lero zasintha. Mu 2018 anamaliza mawaya a 400 kV ochokera ku Phombeya kukafika ku Nkhoma, ndipo mu 2022 kumunsi kwa mapiri athu, ku Golomoti, kunayamba kutuluka magetsi a dzuwa okwana 20 MW, okhala ndi mabatire ake. Magetsi akamalowa mbali ziwiri, relay iyenera kudziwanso komwe vuto lili, kutsogolo kapena kumbuyo kwake, ngati mudzi womwe walandira mkamwini wochokera kwina, ankhoswe ake n'kukhala kutsidya. Amisiri amakhalanso pansi kuwerengera mipata yonse, swichi ndi swichi, kuyambira ku Golomoti mpaka pa fyuzi ya pa chigayo chija.