Pulogalamu Yoyambira Kupanga Nyimbo pa Kompyuta

Achinyamata ambiri amandifunsa kuti ayambe ndi pulogalamu iti popanga nyimbo pa kompyuta. Ine ndimawalozera FL Studio, yopangidwa ndi kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Kusanja kaliridwe ka ng'oma n'kosavuta chifukwa mumangodina timabokosi, ndipo ambiri opanga amapiano ku South Africa amadalira yomweyi. Mukaigula kamodzi, zimene aziwonjezera m'tsogolo pa mtundu umene mwagulawo mumalandira ulere.

Ableton Live ya ku Berlin imakomera amene akufuna kudzaimba pamaso pa anthu. Ngati m'thumba mwauma, yambani ndi LMMS, ndi yaulere.

Koma chonde, sankhani imodzi n'kuidziwa bwino. Kudumphadumpha kumangokutayitsani nthawi. Nyimbo yokoma imachokera m'khutu lanu ndi khama lanu.