Tchalitchi cha Gesù ku Roma: Nyumba Yomangidwira Ulaliki

Msonkhano wa ku Trento, umene unatha m'chaka cha 1563, unalamula kuti Mau a Mulungu alalikidwe kaŵirikaŵiri, natsimikizanso chiphunzitso cha nsembe ya Misa. Tchalitchi cha Gesù, cha ansembe Achiyezuiti, chimaonetsa maganizo ameneŵa m'kamangidwe kake. Ntchito inayamba mu 1568, patapita zaka 12 chimwalirire Ignatius Loyola woyera. Ndalama anapereka ndi Kardinala Alessandro Farnese, mapulani anajambula ndi Vignola, ndipo khoma lakumaso anamaliza ndi Giacomo della Porta. Chinadalitsidwa mu 1584.

Matchalitchi akale ambiri anali ndi mizere ya nsanamira yogaŵa nyumba patatu, kotero kuti ena ankapemphera osaona wansembe. Vignola anasiya bwalo limodzi lotakasuka, naika timaguwa m'tizipinda tam'mbali, kuti ansembe ambiri achite Misa nthaŵi imodzi osasokonezana. Motero maso a aliyense amalunjika pa guwa lalikulu, pansi pa kuŵala kotsika kudenga lozungulira. Panabuka mkangano pa denga: Ayezuiti ankafuna lamatabwa, losalala, poopa kuti mau a mlaliki angasokonekere, koma Farnese anaumirira lopindika lanjerwa. Mwini chuma ndiye anapambana.

Kwa zaka pafupifupi 100 mkati munalibe zokongoletsa zambiri. Ulemerero umene alendo amazizwa nawo unadza pambuyo pake, pamene Giovanni Battista Gaulli anajambula padenga Kupambana kwa Dzina la Yesu m'zaka za m'ma 1670. Kuŵala kumatuluka m'zilembo IHS. Odala akukokedwera komweko, pamene okanidwa akugwa kupyola malire a chithunzicho, ngati agwera pamitu pathu. Sitidziŵanso pamene njerwa zathera ndi pamene utoto wayambira. Wojambula anafuna zomwezo, pakuti Ignatius anaphunzitsa kuti posinkhasinkha munthu adziike pamalo penipeni pa chinsinsicho ndi maso, makutu ndi mtima.

Kodi golide yense uja agwirizana ndi lumbiro la umphaŵi? Funsoli silopepuka, ndipo ine ndiona kuti guwa la manda a Ignatius, lokonzedwa ndi Andrea Pozzo cha m'ma 1696 mpaka 1700, linapitirira muyeso. Chifanizo chake chasiliva sichinakhalitse: chinasungunulidwa pangano la Tolentino la 1797 litasainidwa. Pa guwa loyang'anizana nalo pamasungidwa mkono wamanja wa Francis Xavier woyera, umene unadulidwa ku Goa mu 1614.