Kudzutsa Land Rover Yakale

Kuseri kwa magaraja ambiri, ndiponso m'mabwalo a mamishoni ndi maesiteti ena, kuli magalimoto okalamba amene akhala pa miyala zaka zambiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Ena mwa iwo ndi a mtundu wa Land Rover. Lero tikamba ndi munthu amene waona imodzi, mtima wake wadumpha, ndipo afuna kuigula kuti aziikonza pang'onopang'ono madzulo ndi Loweruka, mongodzisangalatsa.

Tiyambe ndi kubadwa kwa galimotoyi, pakuti m'menemo ndimo muli chinsinsi cha matenda ake. Land Rover yoyamba inaonetsedwa mu mzinda wa Amsterdam m'chaka cha 1948, ndipo amene anailingalira anali Maurice Wilks wa kampani ya Rover. Nthawi imeneyo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha, ndipo chitsulo chinali chosowa ku Britain. Motero a ku fakitale ya Solihull anaumba thupi la galimotoyo ndi malata a aluminiyamu, koma chasisi, ndiye msana umene umanyamula zonse, anaipanga ndi chitsulo. Mchitidwe umenewu unapitirira pa Series II ya 1958, Series IIA ya 1961 ndi Series III imene inapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985.

Aluminiyamu sachita dzimbiri, ndipo apa mpamene ogula ambiri amanyengeka. Galimoto imaoneka yabwino kunja, zitseko zili nganganga, pamene kunsi kwake kunadyeka kalekale. Chasisi yake ili ngati bokosi lalitali lotsekeka. Matope amalowa m'kati, amasunga chinyezi, ndipo dzimbiri limayamba kudya kuchokera m'katimo. Tsono musanapereke ndalama, tengani hamala yaing'ono, mugone pansi, muigogode chasisiyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu; chowola chimangoti phu, ndipo nthawi zina hamala imabowola. Gogodani makamaka mtanda wa kumbuyo, pamene amakolekapo ngolo, ndi malo onse amene masipuling'i amangidwapo. Kenaka yang'anani khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi woyendetsa, makamaka popondapo mapazi ndi pa mahinji a zitseko. Mukaona ufa woyera pamene lata lakhudzana ndi chitsulo, dziwani kuti aluminiyamu nayenso akudyeka, chifukwa zitsulo ziwirizi sizigwirizana pakakhala madzi.

Ine ndimati injini yakufa si yoopsa. Chasisi yowola ndiyo imatha ndalama. Pobooka pang'ono, wowotcherera waluso angadule chowolacho ndi kuikapo chitsulo chatsopano cha makulidwe omwewo. Koma kumata chigamba pamwamba pa dzimbiri ndiko kubisa chilonda ndi nsalu. Ikawola ponseponse, njira ndi imodzi: kuphwasula galimoto yonse ndi kuimanganso pa chasisi ina. Zatsopano zimapangidwabe ku Britain, zina zokutidwa ndi zinki kuti zisachite dzimbiri, koma mtengo wake pamodzi ndi msonkho ungapose umene munagulira galimotoyo.

Pano ndichenjeze. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yaima pa jeke yokha, kapena pa njerwa, pakuti njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Ikani zochirikiza zachitsulo kapena zipika zolimba, ndipo mupinge matayala.

Msana ukalimba, bwerani ku mabuleki, injini idikire. Magalimoto amenewa ali ndi mabuleki a dilamu ku mawilo onse anayi, ndipo akakhala zaka osayenda, timphira ta m'masilinda timauma. Sinthani timphirato, mapaipi ndi mafuta ake onse, osanyinyirika. Yang'ananinso mipira iwiri yonyezimira imene ili kumapeto kwa ekiselo ya kutsogolo, pamene mawilo amakhotera. Ikakhala ndi timaenje ta dzimbiri imang'amba mphira, mafuta amatayika, ndipo chiwongolero chimayamba kunjenjemera. Za kudontha kwa oyilo musataye nazo mtima. Eni ake amaseka kuti Land Rover ikaleka kudontha ndiye kuti oyilo watha.

Injini ya malita 2.25, ya petulo kapena ya dizilo, njosavuta kuimvetsa. Mulibe kompyuta, sipanala, sikuludiraiva ndi khutu labwino zikwanira pa ntchito zambiri. Mungokumbukira kuti mabawuti ambiri ndi a muyeso wa mainchesi, kotero sipanala za mamilimita zimangowakulula mitu. Ndipo mukayamba kuyendetsa Series IIA, giya yoyamba ndi yachiwiri ikamalira, musafulumire kutsitsa giyabokosi: inapangidwa motero, yofuna kuponda kilachi kawiri. Series III ndiyo inabwera ndi magiya onse olowa mosalala.

Pambali pa giya pali ndodo ziwiri, yamutu wachikasu ndi yamutu wofiira. Mukakanikiza yachikasu, mawilo onse anayi amakoka. Mukakokera kumbuyo yofiira, galimoto imayenda pang'onopang'ono koma ndi mphamvu zokwerera mtunda wonga wa Golodi wopita ku Livingstonia. Koma pa phula pouma musayende mawilo anayi akukoka, popeza palibe difu ya pakati yolola a kutsogolo ndi a kumbuyo kuzungulira mosiyana. Mashafuti amapotokola, ndipo tsiku lina imodzi imathyoka.

Nanga zosintha? Zina nzanzeru. Kuchotsa dainamo ndi kuika olitaneta kumathandiza batire kudzaza bwino. Masipuling'i a mapale ochepa, otchedwa parabolic, amachepetsa kugwedezeka kumene kumaswa msana. Giya yoonjezera ya Fairey imachepetsa phokoso ndi mafuta pa ulendo wautali. Chimene chimakopa ambiri, komabe, ndicho kuika injini ya dizilo ya 200Tdi, imene inayamba pa Discovery m'chaka cha 1989. Injiniyi ili ndi mphamvu zopitirira mahatchi 100, pamene dizilo yakale inali ndi 62. Galimoto imathamanga ndithu, koma giyabokosi, mashafuti a kumbuyo ndi mabuleki zinayesedwa pa mphamvu zakale zija. Woika injini yotere ayenera kuyamba walimbitsa mabuleki, ndipo aziponda mafuta mofatsa pa magiya apansi. Matayala akuluakulu kopitirira ndi kukweza galimoto m'mwamba ine sindizikonda: chiwongolero chimalemera, ndipo galimoto yopapatiza chotere imafulumira kugudubuzika pa malo opendekeka.

Mukasintha injini, nambala yake idzasiyana ndi imene ili m'buku la galimoto. Pitani ku ofesi yoona za pamsewu akailembe, sungani lisiti la kumene munaigula, ndipo galimotoyo iyesedwe ndi kulandira chiphaso chake isananyamule banja lanu.