Kodi "pirirani" ndiye uthenga wonse?

Mwezi wa May ukafika, Amalawi amene akhalitsa ku Cape Town amakumbukira 2008, chaka chimene chipwirikiti chothamangitsa alendo chinabuka ku Alexandra mu Johannesburg n'kufalikira mpaka ku Dunoon kuno ku Cape Town. Anthu 62 anaphedwa m'dziko lonse la South Africa, ndipo ambiri mwa opulumuka kuno anakagona m'matenti ku Soetwater ndi ku Blue Waters, mvula ya nyengo yozizira itangoyamba. M'mipingo ya Amalawi, yomwe imasonkhana m'makalasi a sukulu, m'magalaja ndi m'tinyumba ta malata, imeneyi ndiyo nyengo ya maulaliki a masautso. Alaliki amatsamira pa chaputala 5 cha kalata ya kwa Aroma ndi chaputala 1 cha Yakobo, kuphunzitsa kuti Mulungu amaumba khalidwe la munthu kudzera m'mavuto.

Wofuna umboni wa chiphunzitsochi akaupeza ku Masiphumelele. Kuli mayi wina wochokera ku Mulanje amene nyumba yake inali imodzi mwa zoposa 1,000 zomwe zinapsa ndi moto wa pa 17 December 2020. Anabwera kuchokera kuntchito n'kupeza phulusa ndi malata opindika. Pasipoti, zovala ndi katundu wa Khirisimasi amene ankati atumize kwa ana kumudzi, zonse zinathera momwemo. Amayi anzake a mumpingo sabisa kuti kale anali munthu wouma manja, wosabwereketsa ngakhale mchere, ndipo anansi ake a Chixhosa sankawapatsa ndi moni womwe. Koma masiku otsatira motowo anafunda bulangeti limodzi ndi anthu omwewo. Lero ndiye amasunga ndalama za maliro. Lamulungu masana mudzamuona atamanga chitenje pamwamba pa jekete, kope lokutidwa ndi pulasitiki lili m'khwapa, akulumpha zithaphwi khomo ndi khomo kutolera ma R50 ndi ma R100 oti thupi la m'bale likafike kwawo. Akamva kuti mlendo watsika basi alibe pogona, amamuyalira pansi m'chipinda chake chimodzicho. Kusintha kumeneku n'kwenikweni, ndipo amene angakunyoze sanamuone mayiyu.

Vuto lili pa zimene zimachitika Lolemba. Mayi yemweyu amachapa ndi kukolopa m'nyumba ina ku Noordhoek, ndipo malipiro ake safika pa mlingo umene lamulo limanena. Atadandaula pa mapemphero a pakati pa sabata, yankho linali lomwe lija lakuti apirire, Mulungu akumuumba. Apa ndi pamene chiphunzitso chabwino chimasanduka chotsekera anthu pakamwa. Moto ulibe mwini woti n'kumudzudzula, koma malipiro operewera ali ndi bwana amene wasankha kupereka zochepa. Kalata ya Yakobo yomweyo, pa chaputala 5, imadzudzula mwaukali olemera amene amamana antchito awo malipiro. Mlaliki wowerenga chaputala choyamba n'kudumpha chachisanu wapatsa nkhosa zake theka la uthenga, ndipo theka limene wasiyalo ndi lokomera bwana. Komanso si zoona kuti mavuto pa okha amakonza munthu. Moto womwe uja unasiya ena ali m'mashabini, ena ali ndi mkwiyo mpaka lero. Chimene chinasintha mayi uja ndi chifundo chimene anachilandira ali pakati pa mavutowo.

Abusa ena amayankha kuti ambiri mwa akhristu awo alibe mapepala, ndipo wodandaula amachotsedwa ntchito kapena kukathera ku Lindela kudikira kubwezedwa kwawo. Mantha amenewa si ongopeka, ndipo palibe wanzeru angatume mayi wosauka kukalimbana ndi bwana yekhayekha. Koma lamulo silinamutaye. Mu 2008 khoti loona za ntchito linagamula kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito amatetezedwabe ngati wantchito. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anayamba pa 1 January 2019 pa R20 pa ola, ndipo kuyambira March 2022 antchito a m'nyumba anawafananitsa ndi ena onse. Mpingo umene umatha kusonkha ndalama zonyamulira maliro kudutsa Beitbridge ndi Mwanza sungalephere kupeza munthu mmodzi wodziwa malamulowa woti aziperekeza amoyo.

Ena amati mpingo si bungwe la apantchito, Ufumu wa Mulungu ndi wa mumtima. Komatu pemphero limene amalinena Lamulungu lililonse limapempha kuti ufumuwo uonekere pansi pano, ndipo Masiphumelele yemweyu anauonapo. Mu May 2008, patangopita masiku ochepa alendo atathamangitsidwa, atsogoleri a m'deralo anapepesa poyera, anayenda nyumba ndi nyumba kutolera katundu wobedwa, n'kuitana othawawo kuti abwerere. Tsiku limenelo ozunzidwa sanauzidwe kuti apirire. Olakwa ndi amene anauzidwa kuti abweze. Kusandulika kwa khalidwe kumene Baibulo limakamba kumakhudzanso wozunza, ndipo mpingo wolalikira kwa wozunzidwa yekha wasankha mbali yosavuta.

Mwina mtsutsowu udzathetsedwa ndi ana obadwira konkuno. Iwo amakhala kumbuyo kwa tchalitchi akunong'onezana m'Chixhosa ndi m'Chingerezi, za 2008 amangozimva kwa makolo, ndipo kusukulu amaphunzira za ufulu wa anthu. M'mipingo ina ulaliki wayamba kumasuliridwa chifukwa cha iwo, zomwe zatalikitsa mapemphero moti amayi ogwira ntchito Lamulungu madzulo amatuluka mdalitso usanaperekedwe kuthamangira taxi.