Kodi mumadziwa? Gogodera ndi mtovu wa ku Chilwa

Mfuti ya gogodera inkadyera kukamwa: wonga poyamba, chipolopolo pambuyo. Zipolopolozo eni mfuti ankaumba okha, poti mtovu sulimba pamoto. Umasungunuka pa madigiri 327, pomwe chitsulo chimafuna oposa 1,500. Mtovu ukasowa, alenje ankangothiramo tizidutswa ta zitsulo.

Mfuti ndi wonga zinkachokera kugombe, monga ku Quelimane, posinthana ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Mfumu Kawinga, yomwe linga lake linali paphiri la Chikala moyang'anizana ndi nyanja ya Chilwa, idadalira mfuti zotere mpaka asilikali a Britain atayigonjetsa mu 1895.

Koma mtovu ndi poizoni, ndipo suola. Abakha am'madzi amameza tinjere take togwera m'matope alenje akawombera, poyesa timiyala topera chakudya, kenako amafooka n'kufa. Wodya ndiwo yotere nayenso amakhala pangozi, makamaka mwana. N'chifukwa chake mayiko a European Union adaletsa kuwombera ndi mtovu m'madambo kuyambira February 2023. Nkhaniyi ikuwakhudza alenje a mbalame a ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, pakuti dambo la Chilwa ndi loyamba m'Malawi kulembedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo.