Madambo a ku Chongwe, kumene mitengo imalekezera

Woyenda pamsewu wa Great East kuchoka ku Lusaka, akangopitirira mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, amaona tchire la miombo likuduka apa ndi apo, n'kusiya chigwa cha udzu wokhawokha. Sikuti nkhwangwa inadutsapo. Limenelo ndi dambo, ndipo mitengo inalikana yokha.

Chifukwa chake chili pansi. Kunsi kwa dambo kuli dongo losalola madzi kulowa msanga, choncho mvula ikagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, nthaka imakhuta madzi kwa miyezi. Mizu ya mombo ndi msuku siipirira kumira kotero. Komanso madambo sali amodzimodzi. Amene ali pamiyala ya laimu, ngati ena ozungulira Lusaka, ali ndi dothi lakuda lachonde. Ena ali pamchenga wotuwa, wa asidi, umene mvula inausukulutsa kalekale. Mlimi wa chimanga akauona mchenga umenewu amapukusa mutu.

Koma kusauka kwa dothilo ndiye chuma chake. Popeza palibe udzu umene umanenepa n'kuphimba unzake, tizomera ting'onoting'ono timapeza mpata. Pakati pa timeneti pali maluwa amene tizinthu take tapansi, tonga mbatata, amayi amasinja ndi nsinjiro n'kuphika chikanda chogulitsidwa m'misewu ya Lusaka. Malonda a chikanda anakula kwambiri moti ogulitsa amakachitenga mpaka kumapiri a kummwera kwa Tanzania. Mvula yoyamba ikagwa, achule amasokosa usiku wonse, akakowa ndi anantchengwa n'kubwera kudzawasaka. Mphoyo, imene kale inkabisala m'tsekera, lero njosowa kufupi ndi midzi.

Anthu a m'dera la Mfumu Nkomeshya Mukamambo II, ya Asoli, sanaonepo dambo ngati malo opanda ntchito. M'menemo ndimo mumachokera udzu wofolera nyumba, msipu wa ng'ombe m'chilimwe, ndi zitsime zosaphwa msanga. Madimba a tomato ndi repu wopita ku msika wa Soweto ku Lusaka nawonso ali m'mphepete mwake. Vuto limayamba dimba likalowa pakati penipeni, ngalande zikakumbidwa zochotsa madzi, feteleza n'kuthiridwa chaka ndi chaka. Udzu wachilengedwe umatha, zitsamba zamphamvu n'kulanda malo. Owumba njerwa ndi okumba mchenga womangira Lusaka amasiya maenje amene sabwereranso mwakale.

Moto nawo uli ndi nthawi yake. Kafukufuku amene anayambika ku Ndola mu 1933 anasonyeza kuti moto wa kumayambiriro kwa chilimwe, udzu usanaumitsitse, sutentha kwambiri, pomwe wa mu Okutobala umapsereza mitengo yomwe. Dambo limafuna kupsa mwa apo ndi apo, ng'ombe n'kudya msipu wophukira palupsa. Cholakwika ndi moto wa osaka mbewa, woyatsidwa dzuwa litafika pachimake.

Nkhani yaikulu ya ku Chongwe ndi madzi. Mtsinje wa Chalimbana, umene umathira mu mtsinje wa Chongwe, umayambira m'nkhalango ya Lusaka East, yodziwika ndi nambala 27. Boma linaichotsa pamndandanda wa nkhalango zotetezedwa mu 1983, n'kuibwezera mu 1996 anthu atadandaula kuti mtsinje ukuphwa. Kuyambira 2017 zigawo zake zinadulidwanso kuti pamangidwe nyumba, ndipo nkhaniyo inafika m'makhoti. M'zaka zaposachedwa damu la tauni ya Chongwe laphwapo, anthu n'kumadikira madzi a m'mathanki a galimoto. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitcha tsoka la dziko lonse, chinapeza madambo ambiri a kumtunda atalimidwa kale, ena atagawidwa mapuloti.