Tetezani Ndiwo Zanu ndi Mankhwala a Pakhomo

Amayi anzanga a ku Dowa ndi ku Ntchisi, mvula ikatha ndipo mphepo ya mwezi wa Juni ikayamba kuomba m'mapiri mwathu muno, mitima yathu imakhala kudimba. Mpiru, repu, kabichi ndi matimati ndizo ndiwo za ana, ndiponso ndizo zimatipatsa ndalama ya mchere ndi sopo. Koma nsabwe zikagwa pa mpiru, ambiri amathamangira kumsika kukagula mankhwala a m'kabotolo kopanda dzina, nathira lero, maŵa nkuthyola ndiwo. Kodi mankhwala opha mbozi angaleke bwanji kupweteka mwana? Pali njira ina yosalira ndalama, ndipo imayamba ndi maso anu.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. M'maŵa uliwonse yendani m'mabedi, mutembenuze masamba ndi kuyang'ana kunsi kwake, pakuti nsabwe ndi mazira a agulugufe zimabisala kumeneko. Mbozi zikadali zoŵerengeka, zitoleni ndi manja mukaponyere nkhuku. Mukapeza mbande yadulidwa patsinde, fukulani dothi pambali pake. Mbozi yodula imagona pomwepo masana.

Dziŵaninso kuti si kachirombo kalikonse kali mdani. Tizikumbu tofiira ta madontho akuda timadya nsabwe. Mavu amanyamula mbozi kukadyetsa ana awo. Achule, abuluzi, chiswamphika ndi bilimankhwe nawonso ndi alonda osalipidwa. Mankhwala amphamvu amapha tizirombo tabwino pamodzi ndi toipa, ndipo nsabwe zimabwerera msanga popeza wozidya palibe.

Tizirombo tikachuluka, gwiritsani ntchito ombwe, umene ena amautcha mthuthu. Thyolani masamba ake, muwaumitse pamthunzi, muwasinje mu mtondo wosakonolera chimanga. Viikani kilogalamu imodzi ya ufa umenewu m'malita 10 a madzi, muikemo kachidutswa ka sopo, zigonere. Sopoyo amathandiza kutulutsa mphamvu ya masamba ndi kumamatiza mankhwala pa mbeu. Maŵa lake sefani ndi nsalu, ndipo muwaze dzuŵa litapendeka, chifukwa dzuŵa limapha mphamvu ya ombwe. Wazani makamaka kunsi kwa masamba, ndi kubwereza pakatha sabata.

Ngati mwatsata zonsezi koma tizirombo sitikufa, musataye mtima. M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Britain ndi a kuno ku Malaŵi adalengeza kuti ombwe ulipo wa mitundu iŵiri yofanana pamaso, koma umodzi ulibe mankhwala opha tizirombo. Choncho pemphani njere kwa mnzanu amene ombwe wake wakhala ukugwira ntchito, kapena funsani alangizi a zaulimi a kwanu. Ombwe umanonetsanso nthaka, motero kuubzala m'malire a munda nkupindula paŵiri.

Komatu ombwe ndi ululu. Makolo ankaphera nsomba, choncho musatsukire chidebe chake mu mtsinje kapena pachitsime. Sambani m'manja mukatha kuwaza, ikani zotsala kutali ndi ana, ndipo papite sabata musanathyole ndiwo. Mukathyola, zitsukeni bwino.

Kumene kulibe ombwe, sinjani tsabola woŵaŵa pamodzi ndi adyo, muviike usiku wonse m'madzi a sopo pang'ono. Yesani kaye pa mbeu ziŵiri kapena zitatu kuti muone ngati sakutentha masamba. Masamba a deliya, duŵa lachikasu lija lomera m'mbali mwa misewu, amaviikidwa chimodzimodzi. Nimu ndi wabwino, koma amakonda kotentha monga ku Salima. Amene muli ndi abale kunyanja, apempheni akutumizireni masamba kapena njere.

Za fodya ndikuchenjezeni, popeza ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo zinyenyeswa zake sizisoŵa. Madzi a fodya ndi ululu woopsa umene umaloŵa ngakhale pakhungu, ndipo fodya amapatsira matimati matenda opiringiza ndi kuŵangitsa masamba. Musamufikitse kudimba la ndiwo.

Chimanga cha m'dimba chili ndi mdani wake, ntchemberezandonda zachilendo zija zimene zidaononga minda kwambiri kotero kuti mu Disembala 2017 boma lidalengeza za ngozi m'maboma 20 mwa maboma 28 a dziko lino. Mbozi imeneyi imabisala m'nsonga ya chimanga. Thiranimo mchenga wosakaniza ndi phulusa pang'ono ikadali yaing'ono. Alimi ena amawaza msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere kudzaidya.

Potsiriza, musabzale mbeu imodzimodzi pa bedi lomwelo chaka ndi chaka. Pamene panali kabichi kapena mpiru ikanipo nyemba kapena anyezi, ndipo mbeu yodwala izuleni ndi kuitentha. Thirani manyowa okwanira, pakuti mbeu yonenepa siigonja msanga.

Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, aliyense abwere ndi tsamba lodyedwa la m'dimba mwake, muliyang'ane pamodzi ndi kugaŵana njere za ombwe, kuti mvula ikadzagwa aliyense adzabzale wake.